Chiphaso cha Ongolowana ku Tilikuno

Amene sanafikeko ku Tilikuno asadandaule, sanaphonye zambiri. Ndi ufumu waung'ono, wotentha, wokonda misonkhano, ndipo unagona kumadzulo kwa mtsinje wa Musandiwoloke. Kutsidya kwa mtsinjewo kuli ufumu wina umene anthu a kuno amautcha Alikuko. Vuto n'lakuti eni ake a kutsidyako amati dziko lawo ndiye Tilikuno, Alikuko ndi kunoku. Nkhani imeneyi inabutsapo nkhondo kalekale, koma poti asilikali a mbali zonse ankafuula dzina limodzi, anasokonezeka n'kubwerera kwawo kukalima.

Nasibeko anabadwira kutsidyako. Anawoloka ali mtsikana, atavala zoyera, potsata mwamuna wa ku Tilikuno amene anamanga naye ukwati wa kutchalitchi. Mwamunayo atamwalira, abale ake anabwera kumaliro ndi misozi komanso ngolo. Anatenga mipando, mbale, mbuzi, ngakhale makina osokera amene Nasibeko anagula ndi thukuta lake. Pomaliza mlamu wake wamkulu anazula chitseko, nati n'cha malemu.

"Munali pa ukwati," anatero mlamuyo, "ndiye za mwamuna ndi za kwawo kwa mwamuna."

Tsiku limenelo, ataima pakhomo popanda chitseko, Nasibeko analumbira kuti mawu oti ukwati sadzawayankhanso. Kwawo sanabwerere. Anayamba kusoka pamakina obwereka mu msika wa Tsitsaniko, kenaka anagula ake, ndipo atayenda kumaofesi mpaka zidendene kung'aluka, boma linamupatsa chiphaso cha munthu wokhazikika. Anamanga nyumba yake yamalata, chitseko n'kuikapo chachitsulo.

A Gelevazio nawo anali a ku Alikuko. Anangobwera kudzagula makina ometera, koma potsika minibasi buluku linang'ambika pamalo oti munthu wamkulu sangayende nalo mumsewu. Anadikira kuseri kwa katani atafunda chitenje cha maluwa, Nasibeko akusoka. Sabata yotsatira anabweranso ndi buluku lina long'ambika. Nasibeko anaona kuti kung'ambikako kunali kowongoka bwino, kwa lumo, koma anangolisoka. Mabuluku a munthuyo atatha onse, anatsegula kanyumba kometera moyang'anana ndi makina a Nasibeko, ndipo mvula isanagwe anali atalowana.

Analowana, basi. Kunalibe ankhoswe, kunalibe kalata, kunalibe nthungululu. Chaka chilichonse anthu akakolola, a Gelevazio ankatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "ANasibeko, kodi akuluakulu aja sitingawadziwitse?"

"Tiyi akuzizira, imwani," ankayankha choncho Nasibeko.

Ku boma a Gelevazio ankadziwika kuti ndi mlendo. Chilolezo chawo chikamatha, ankakwera njinga kupita ku mlatho wa Dikirani, kuwoloka, kumwa thobwa kutsidya, n'kubwereranso ali mlendo watsopano. Mlonda wa pachipata cha Tilikuno, a Kaphale, ankawafunsa nthawi zonse kuti, "Kuno n'koyamba?" Iwo ankati eya, ngakhale kuti mutu wa a Kaphale womwewo ankameta ndi iwo. Imvi zinayamba kuwamera ali mlendo.

Tsiku lina m'mawa wailesi ya mu msika inasiya nyimbo pakatikati n'kuyamba kuliza ng'oma za kunyumba yachifumu. Nasibeko anaimitsa phazi pamakina. ANagama, mayi wogulitsa tomato pambali pake, anathamangitsa ntchentche n'kunena kuti, "Gwirani mitima. Ng'oma izi zikalira, china chake chikwera mtengo kapena chiletsedwa."

Analankhula anali Mfumu Ndimvereni Wachinayi, Mwini Mitsinje Yonse Kupatula Imene Yauma.

"Anthu anga," inatero mfumu, "makolo athu anati mlendo ndi mame. Ine ndadzuka m'mawa, ndayang'ana dziko langa, mame ali mbwee. Ndayang'ananso masana, mame alipobe. Mame ena atsegula magolosale. Ena abereka ana. Ndikufunsa nduna zanga, mame awa akuuma liti?"

Nduna zinaomba m'manja nthawi yaitali, mpaka wina anakomoka n'kudzuka n'kupitiriza. Kenaka Nduna Yoona za Olowa, Otuluka ndi Ongosuzumira, Olemekezeka a Tsekanipo, anawerenga lamulo latsopano. Masewera owoloka n'kubwerera atha. Mlendo amene anamanga ukwati ndi munthu wokhazikika akhale. Koma amene anangolowana atenge Chiphaso cha Ongolowana, ataonetsa boma kuti kulowana kwawoko n'kwenikweni, kokhalitsa ndi kosakayikitsa. Wolephera awoloke mbewu zisanalowe m'nkhokwe.

Apa nduna zinayamba kutsutsana za momwe chikondi angachiyezere. Nduna ya Zamalonda inati awaike pasikelo, chifukwa mwamuna wosamalidwa amaoneka ndi mimba. Nduna ya Zaulimi inati chikondi chili ngati chimanga, tiwerenge zokolola. Nduna ya Achinyamata inati angopsompsonana pamaso pa komiti, ndipo Nduna ya Zachikhalidwe inapempha madzi akumwa. Anathetsa mkangano anali a Tsekanipo.

"Mfumu yanga, ife amene takhalitsa m'banja tikudziwa momwe banja lenileni limaonekera. Tikaona tidzalizindikira."

"Mwamva?" anatero aNagama. "Zonsezi n'chifukwa cha woimba gitala uja wa kutsidya amene wasokoneza mutu mwana wamkazi wa mfumu. Njoka ili kuchipinda kwawo, moto akuyatsa m'midzi mwathu."

Nasibeko anayang'ana kutsidya kwa kanjira. A Gelevazio anali ataima pakhomo pa kanyumba kawo, lumo m'manja, kasitomala atamumeta mbali imodzi. Ankamwetulira ngati munthu amene watola chikwama.

"Mwaona, aNasibeko," anatero madzulo ake akuvula nsapato, "mfumu yeniyeni yandifunsirira mbeta. Tikangopita kwa abusa, nkhani yatha."

"Ndikwatiwe chifukwa wailesi yanena?"

"Ayi, chifukwa ine ndanena. Wailesiyo yangobwereza."

"Tikatenga chiphaso chinacho. Ngati akufuna kuona chikondi, abwere adzachione. Tibisa chiyani?"

A Gelevazio anaseka, koma nsapato yachiwiri anachedwa nayo kuvula.

Ofesi ya chiphasocho inali ku likulu, mumzinda wa Mawamawa. Kumeneko anawauza kuti abwere mawa, ndipo atabwera mawalo anawayamikira chifukwa chosunga nthawi n'kuwauza kuti abwerenso mawa. Pamzere panali anthu a mitundu yonse. Nkhalamba ina inabwera ndi zidzukulu ngati umboni, koma anaiuza kuti zidzukulu si umboni pokhapokha zitadindidwa. Pomaliza Nasibeko anauzidwa kuti abwerere kunyumba, woyeza chikondi adzawapeza konko.

Woyezayo anafika Lachitatu masana. Anali a Ndaona, bambo wowonda, wa jekete lalikulu kuposa mwini wake, nkhope ngati ya munthu amene wakhala akudikira basi moyo wake wonse. Anakana mpando wa khushoni, nati boma silikhala pofewa. Anayendera nyumba yonse, ananunkhiza mapilo, anasuzumira mumphika, kenaka anawakhazika pansi.

"Bambo, mayiwa anavala chiyani Lamulungu lapitali?"

"Diresi yobiriwira ya kolala yoyera," anayankha a Gelevazio mosaganiza n'komwe. "Ndi mpango wachikasu. Unkawakhala bwino."

A Ndaona anakweza nsidze n'kulemba.

"Mayi, bamboyu akachedwa kubwera mumatani?"

"Ndimawasungira madzi otentha."

"Osafunsa kumene anali?"

"Amakhala ali tsidya la kanjira, ndimawaona."

Ali mkati mofunsa, Nasibeko anatsokomola. A Gelevazio ananyamuka osatumidwa, kukatunga madzi, n'kumupatsa ndi manja awiri. Nasibeko ananong'ona kanthu za jekete la mlendoyo, ndipo onse awiri anaseka mobisa. A Ndaona anatseka buku lawo mwamphamvu.

"Mwaloweza," anatero.

"Taloweza chiyani, bwana?" anafunsa Nasibeko.

"Mayi, musandione kuonda. Ine ndili m'banja kuyambira nthawi ya mfumu yakale. Akazi anga atati asowe lero, apolisi n'kundifunsa kuti anavala chiyani, ndingati anavala zovala. Munthu wapabanja weniweni sadziwa mtundu wa mpango. Ndakhala muno chikhalireni, mayi mwalankhula kangapo, ndipo bamboyu amamvetsera. Ndinamuona ndi maso angawa, amamvetsera! Komanso mwaseka. Mumaseka chiyani? M'banja muli choseketsa?"

"Ndiye talephera?"

"Kwa ine mwalephera. Ili ndi sewero. Koma lamulo likupatsani mwayi wokadandaula ku bwalo la ku Mawamawa, pamaso pa Olemekezeka. Mukalepheranso kumeneko, bamboyu awoloke."

Potuluka anaima pakhomo, nayang'ana kapu ija ya madzi nthawi yaitali ndithu, kenaka anapukusa mutu n'kupita.

M'mawa mwake aNagama atamva anaseka mpaka tomato kugubuduka.

"Inu simunamve? Woimba gitala uja wapata chiphaso dzulo, woyamba m'dziko muno. Mwana wa mfumu anamugenda ndi mbale pamaso pa bambo ake, ndipo mfumu inati, 'Uyu ndi mkamwini wanga ndithu.' Mukakafika kumeneko, kakanganeni. Boma limakhulupirira phokoso."

"Ife sitikangana."

"Phunzirani. Anzanu amaphunzira kuyendetsa galimoto atakula."

Anayamba kuphunzira. Anagwirizana kuti Nasibeko adzadandaula za mkonono, a Gelevazio adzadandaula za mchere m'ndiwo. Koma zinkakanika. A Gelevazio ankayamba bwino, "Mkazi iwe, mchere uwu..." kenaka n'kupepesa chifukwa chonena kuti iwe. Nasibeko akati awaloze chala, ankaona ulusi pa kolala yawo n'kuyamba kuuchotsa. ANagama ankabwera kudzaonerera, n'kumati, "Kwezani mawu! Kodi mukukangana kapena mukupemphera?"

Nasibeko ankaseka nawo, koma mumtima munali mwala. Chimanga chinali chitayamba kuuma m'minda. Akamasoka ankadzipeza akuyang'ana kanyumba kometera kaja, n'kumaganiza momwe kangaonekere katatsekedwa.

Tsiku la mlandu bwalo linadzaza. Mfumu yomwe inabwera, chifukwa inali itazindikira kuti milandu ya ongolowana ndi yokoma kuposa mpira. Inakhala pampando wake wautali, wina akuikupiza ndi nthenga, ndipo kumbuyo kwake kunali mnyamata wa gitala uja, bandeji pachipumi, mendulo pachifuwa. A Ndaona anawerenga zimene anapeza: kumvetserana, kupatsana madzi, kuseka. Anthu anang'ung'udza modabwa.

"Milandu yoopsa," anatero a Tsekanipo. "Muli ndi chonena?"

Nasibeko anapuma mwamphamvu n'kuyamba monga anagwirizana.

"Olemekezeka, bambo awa amaliza mkonono ngati chigayo. Ine tulo sindikudziwa."

"Nanga mchere?" anatero a Gelevazio, mawu akunjenjemera. "Ndiwo zawo ngati... ngati zogwera m'thumba la mchere."

Mfumu inayasamula. A Tsekanipo anayang'ana wotchi. Nasibeko anaona cholembera cha a Ndaona chikuyamba kuyenda. Anafunafuna mawu olemera, natola oyamba amene anawapeza.

"Mchere mukuudandaulawo ndi wanu? Mphika ndi wanu? Munabwera ndi kachikwama kamodzi m'nyumba mwanga, mudzatulukanso ndi kachikwama komweko!"

Mfumu inatseka pakamwa n'kuweramira kutsogolo. Nasibeko anayembekezera kuti a Gelevazio abwerera ku mchere, koma iwo anali akumuyang'ana mwa mtundu wina. Atayamba kulankhula, mawu awo sananjenjemerenso.

"N'zoona. M'nyumba mwanu. Denga lija litadontha ndinakwera ndine, koma ndi m'nyumba mwanu. Mutadwala chaka chija ndinagona pakhonde la chipatala ngati galu, ndipo namwino atafunsa kuti awa ndi ndani, munati chiyani? Munati, 'Ndi ometa a kumsika.'"

"A Gelevazio, zimenezo sitina..."

"Ometa a kumsika! Makina anu aja mumawamanga ndi tcheni, kiyi n'kumuvala m'khosi ngati kolona. M'nyumbamo timakhalamo awiri, aNasibeko. Wakubayo ndi ndani?"

Nasibeko anamva magazi akukwera kumutu. Anaiwala mfumu, anaiwala bwalo.

"Inu simunaime pakhomo popanda chitseko! Simunaone anthu amene munkawaphikira akukangana za supuni zanu, mtembo usanazizire! Amuna nonse mumakhala abwino muli moyo. Mukafa ndiye timadziwa abale anu!"

"Ndiye ine ndikulipira mlandu wa malemu? Ndakhala mlendo ku boma, sindinadandaule, boma silindidziwa. Koma kukhala mlendo patebulo pamene ndimadyera tsiku lililonse! Mfumu yanena kuti ndife mame. Ndinaseka, ndimayesa inu mukudziwa kuti si zoona."

Panamveka kufwenthera. Anali a Tsekanipo, akupukuta maso ndi mpango.

"Ngati kwathu," anatero Olemekezeka. "Ndendende ngati kwathu."

Mfumu inaimirira n'kuomba m'manja, ndipo bwalo lonse linaimirira nayo. "Ili ndiye banja!" inafuula mfumu. "Mwamva kuwawa kwake? Izi munthu sangaloweze. Apatseni chiphaso, adinde kawiri!" A Ndaona anabwera kudzawagwira chanza, napepesa, nati anawaganizira molakwa, tsopano akuona kuti ndi anthu ovutika ngati wina aliyense.

Anapatsa Nasibeko chiphasocho, chachikulu, cha mkombero wagolide. Atatembenuka kuti awaonetse a Gelevazio, anapeza palibe. Mu minibasi munalibe. Atafika kunyumba anapeza chilichonse chili m'malo mwake, ngakhale malaya amene anawasokera pa Khirisimasi anali pa hang'ala. Chinasowa ndi njinga, makina ometera ndi kachikwama kaja.

Masiku otsatira Nasibeko anasoka manja a diresi mozondoka, kolala n'kuiika kumsana. Anthu ankabwera kudzamuyamikira. Wailesi inkabwereza mkangano wawo m'mawa uliwonse ngati phunziro kwa achinyamata, ndipo ana mumsewu ankasewera za "ometa a kumsika". Iye ankangoti zikomo. Chiphaso chija anachiika pansi pa nsalu kuti asamachione.

"Chiphaso muli nacho, mwamuna mulibe," anatero aNagama. "Anzanu mwamuna ali naye, chiphaso alibe. Boma lagawa mofanana."

"Munandiuza ndinu kuti tikangane."

"Ndinati mukangane, sindinati munene zoona. Koma ndikufunseni, aNasibeko. Zimene ananena zija, pali bodza?"

Nasibeko anapondaponda makina opanda ulusi.

"Ngati mukufuna kudziwa," anapitiriza aNagama akusanja tomato, "mwamuna wanu sanapite patali. Mfumu ya ku Alikuko yakwiya ndi lamulo lathuli, ndiye yabwezera. Yati aliyense amene analowana ndi munthu wa kuno asalowe kwawoko mpaka fungo la kunja limuchoke. Kununkhiza akununkhiza okha alonda. Amene anabweretsa tomatoyu awaona a Gelevazio pamlatho."

Nasibeko anavundikira makina, natenga chiphaso, n'kukwera minibasi ya ku Dikirani.

Mlatho wa Dikirani ndi wautali, chipata cha Tilikuno mbali ino, cha Alikuko mbali inayo. Pakati pake panali patasanduka mudzi. Anthu amene kuno anawatulutsa ndipo uko anawakana anali atamanga timisasa ta mapepala ndi zitenje. Wina ankakazinga mandasi, wina ankatchaja mafoni, ndipo panali kale komiti. Cha pakatikati, pansi pa ambulera, a Gelevazio ankameta munthu atamukhazika pa ndowa yovundikira.

Nasibeko anaima pambali mpaka kasitomala atachoka. Kenaka anakhala pandowapo iye.

"Amayi sitimeta," anatero a Gelevazio, akupukuta lumo osamuyang'ana.

"Mwaonda."

"Ndi mphepo ya pamtsinje."

"Malaya anu munasiya."

"Sanali m'kachikwama pamene ndinkabwera."

Mawu amene Nasibeko anakonza mu minibasi anali atabalalika onse.

"Tcheni chija sindinagulire inu," anatero. "Ndinachigula musanabwere. Ndinangozolowera. Tsiku lililonse ndikamatseka loko ndimaona ngolo ija ikubwera. Ndikakuyang'anani inu ndimaona munthu wabwino, koma kumbuyo kwanu ndimaona abale anu atanyamula zingwe."

"Abale anga ndi mlongo wanga mmodzi, Sitela, amene amaopa ngakhale singano. Akadzatenga makina anu adzawayesa chigayo cha nsinjiro."

Nasibeko anaseka mosafuna, misozi n'kutsikira limodzi.

"Kuchipatala kuja ndinachita manyazi. Ndikanati amuna anga, namwino akanafunsa za ukwati. Ndikanati chibwenzi, pa msinkhu wanga uno? Ndinasowa dzina lokupatsani, a Gelevazio. Ndinalakwa. Kunyumba kuja kwakula, ndikusowa pokhala."

A Gelevazio anapinda kansalu kawo kometera, nakapindanso, ngakhale kanali kopindapinda kale.

"Mchere uja ndinanama," anatero. "Ndiwo zanu zilibe vuto."

"Za mkonono sindinaname."

"Ndikudziwa. A komiti andiuza kale kuti ndizigona kumapeto kwa mlatho."

Nasibeko anakonza mpango wake, nayang'ana kumbali.

"Malume anga akadali moyo, kutsidyaku. Mukafuna, tingawatumizire mawu. Muuzenso a Sitela apeze munthu woimira kwanu."

A Gelevazio anagwetsa chipeso. "ANasibeko, mukunena za ankhoswe?"

"Musandibwerezetse, ndingasinthe maganizo."

"Pepani kulowerera," panamveka mawu kumbuyo kwawo. Anali a Kaphale, mlonda wa pachipata, amene anabwera kudzametetsa ndevu ndipo anali ataima pamenepo nthawi yonseyi. "Nkhani yabwino, ndasangalala nayo. Koma chiphaso mwanyamulacho n'cha ongolowana. Mukangomanga ukwati m'dziko la Tilikuno, chafa pomwepo. Bamboyu ayenera kutuluka, akapemphe cha okwatira ali kwawo."

"Kwawo sakuwalola kulowa," anatero Nasibeko.

"Eya."

"Ndiye akapempha bwanji?"

"Funso limenelo lili ndi ofesi yake, ku Mawamawa."

"Nanga tikakamangira ku Alikuko?"

"Inu mungalowe. Mkwati ndiye ayi."

A Gelevazio anakhala pansi, pa simenti penipeni, n'kuyamba kuseka. "Zaka zonsezi ndimakanidwa ndi munthu mmodzi. Lero wavomera, akundikana ndi maufumu awiri."

Koma Nasibeko sankaseka. Anayang'ana chipata cha kuno, nayang'ana cha uko, nayang'ana pansi pamene anaponda.

"A Kaphale, pamene ndaima pano ndi dziko la ndani?"

Mlondayo anakanda ndevu. "Funso lovuta. Pakafunika kukonza mlathowu, mfumu yathu imati ndi wa Alikuko, yawo imati ndi wathu. M'mabuku mwathu malo ano mulibe."

"Ndiye chochitika pano chimachitikira kuti?"

"Kunena mwalamulo, mayi, sichichitika."

Ukwati unachitika Loweruka lina dzuwa likuswa mtengo, anthu atamaliza kukolola. Malume a Nasibeko anabwera kuchokera kutsidya ndi ndodo yawo ndi nkhuku, a Sitela anabwera akulira ndi chimwemwe, ndipo msika wa Tsitsaniko unatsekedwa chifukwa onse anali pamlatho. Anadalitsa ukwatiwo ndi m'busa wina amene naye anakanidwa mbali zonse ziwiri. Diresi anasoka yekha Nasibeko, ndipo ulendo uno manja anali m'malo mwake. ANagama anavina mpaka mlatho kugwedera, a komiti n'kupempha kuti ovina asinthane mbali. Alonda a maufumu onse awiri anadya mpunga atatembenukira kumtsinje, kuti pasapezeke woona kanthu. Ngakhale a Ndaona anabwera, nati angodutsa. Anali ndi mayi wina wonenepa bwino, wa mpango wofiira, ndipo anthu anawaona akumupatsira fanta ndi manja awiri, mwamanyazi ngati akuba.

Dzuwa litapendeka, gulu lonse linafola pachipata cha Tilikuno. Patsogolo panali Nasibeko, chophimba kumutu chikadali pomwepo, mpunga uli m'tsitsi, atagwira mkono wa a Gelevazio. A Kaphale anakhala pampando wawo, napukuta mafuta a nkhuku kukamwa, n'kutsegula chiphaso chija mwaulemu wonse wa boma.

"Ongolowana?"

"Eya," anatero Nasibeko.

"Chitulukireni m'dziko muno m'mawa uja, pali chimene chasintha pa moyo wanu?"

"Palibe."

A Kaphale anayang'ana diresi loyera, nayang'ana keke yotsala imene aNagama anasenza pamutu, nayang'ana mbuzi ya mphatso imene inkadya maluwa a mkwatibwi.

"Bambo, mukugwirizana ndi zimene anena mayiwa?"

"Akazi anga sanama," anatero a Gelevazio mokweza, chifuwa chili patsogolo.

A Kaphale anatsokomola, nalowetsa chala m'khutu n'kulitokosa bwinobwino.

"Mphepo ya pamlatho pano yandigonthetsa," anatero, chidindo n'kugwa. "Lowani. Wotsatira!"